Mmene mungawerengetsere mapaketi otayika ndi mafoni okanika kulowa pa netiweki, siloti ndi siloti

Usiku wa pa 31 December ikangoti 12 koloko aliyense amakhala akufuna kuyimbira kumudzi nthawi imodzi, nde foni imangokuyankhani kuti network busy, muyesenso chimodzimodzi, anthu nkumati netiweki yagwa. Nthawi zambiri siimakhala kuti yagwa ayi, imakhala yadzaza, ndipo kudzaza kumeneko kumawerengeka ndithu ndi pensulo, pepala ndi Excel basi. Ndikufuna ndikuonetseni mawerengedwe ake kuyambira pachiyambi, makamaka inu amene mukuphunzira za telecom ngati ku MUBAS ku Blantyre kuja, kapena inu amene mumayang'anira ka netiweki ka pa ofesi ndipo abwana akufunsa kuti bwanji mafoni a pa WhatsApp akudukaduka pomwe layini siinadzaze nkomwe.

Amene anayambitsa nkhani zimenezi ndi Agner Krarup Erlang wa ku Denmark, ankagwira ntchito ku kampani ya mafoni ya mu Copenhagen kuyambira 1908, analemba pepala lake loyamba pa nkhaniyi mu 1909 ndipo fomyula yake yotchuka ija inatuluka mu 1917. Iye ankatenga nthawi ngati madzi oyenda mumtsinje, osadukiza, chifukwa nthawi imeneyo foni ya munthu imatha kulowa pa mphindi ina iliyonse. Koma makina a masiku ano amayendera wotchi, chilichonse chimachitika pa kugunda kwa wotchiyo, pakati pa kugunda kuwiri palibe chosuntha. Masamu a mizere odula nthawi mzidutswa choncho analembedwa kale mu 1958 ndi Torben Meisling, koma anadzagwira ntchito kwambiri nthawi ya ATM (osati makina a ndalama aja ayi, koma njira ina yotumizira data pa netiweki), cha m'ma 1990, pomwe data yonse imadulidwa mu timaselo tofanana ta mabayiti 53. Kachidutswa ka nthawi kameneka ndi kamene tizikatchula kuti siloti.

Choyamba, sankhani kutalika kwa siloti yanu

Apa musamangotola nambala ya mmutu. Siloti ikhale nthawi imene layini yanu imatenga kutulutsa paketi imodzi, kachidutswa kamodzi ka data. Ngati layini ndi ya 10 Mbit/s ndipo mapaketi ake ndi a mabayiti 1500, ndiye kuti mabiti alipo 12000, mukagawa ndi 10 miliyoni mupeza 1.2 ms, siloti yanu ndi imeneyo. Pa zinthu zina anakusankhirani kale: pa GSM felemu imodzi ndi 4.615 ms ndipo ili ndi masiloti 8, iliyonse pafupifupi 0.577 ms, pa E1, layini yonyamula mafoni ambiri pakamodzi, felemu ndi ma microsecond 125 yokhala ndi masiloti 32 pomwe 30 ndi a mawu, pa 4G tawa imagawa malo kwa mafoni pa 1 ms iliyonse. Mapaketi enieni a pa intaneti sakhala ofanana kukula, ena ndi ang'onoang'ono kwambiri, koma poyamba atengeni ngati ofanana kuti muone kaye mmene zinthu zimayendera, zosiyanasiyanazo mudzaziwonjezera mukazolowera.

Chachiwiri, werengani zofika mu siloti iliyonse, osati avereji yokha

Ili nde gawo limene anthu ambiri amathamangira, chonsecho nkhani yonse yagona pomwepa. Avereji yokha siikuuzani kanthu za kutayika. Chofunika ndi kudziwa kuti pa masiloti onse, ndi angati amene simunafike kanthu, ndi angati munafika paketi imodzi, angati munafika awiri, mpaka pamwamba. Ngati netiweki ndi yanu kapena mwapatsidwa chilolezo, tsegulani Wireshark, pulogalamu yojambula mapaketi odutsa pa netiweki, nthawi imene anthu ali pa ntchito kwambiri, jambulani kwa mphindi zingapo, pitani pa I/O Graphs, ikani interval ya 1 ms, sungani ngati CSV kenako mu Excel mugwiritse COUNTIF kuwerenga kuti 0 waoneka kangati, 1 kangati, 2 kangati. Chilichonse mugawe ndi masiloti onse. Musajambule Lamlungu masana ofesi ili pululu nkumati ndi mmene zimakhalira.

Kuti tiyendere limodzi nditenga chitsanzo chongopanga. Tili ndi switch imene mukulowa mawaya 4 ndipo onse akutulukira waya umodzi. Waya uliwonse uli ndi mwayi wa 0.2 wobweretsa paketi mu siloti, ndipo mawayawa sakuonerana, uliwonse ukuchita zake. Mukawerengetsa ndi binomial mupeza izi:

osafika kanthu, a0 = 0.4096
imodzi, a1 = 0.4096
awiri, a2 = 0.1536
atatu, a3 = 0.0256
anayi, a4 = 0.0016

Phatikizani muone kuti zikukwana 1, zikapanda kukwana mwalakwitsa penapake ndipo musapitirire. Avereji ndi 4 kuchulukitsa ndi 0.2, ikupereka 0.8, kutanthauza kuti layini yotulukira ikufunsidwa kugwira ntchito masiloti 80 pa 100 aliwonse. Munthu wongoyang'ana avereji anena kuti malo alipo, 20 peresenti yonse ikungokhala, palibe chingatayike. Dikirani muone.

Chachitatu, gwirizanani ndi inu mwini za chimene chimayamba kuchitika mu siloti

Mu siloti imodzi muli zinthu ziwiri, kutuluka ndi kufika. Chimayamba nchiyani? Funsoli limaoneka lachibwana koma limasintha yankho. Taganizani za pa chigayo pomwe pali malo oyika matumba 5 okha ndipo malo onse ndi odzaza, ngati wogayitsa achotsa kaye thumba limodzi kenako nkulandira amene wafika, munthuyo apeza malo, koma ngati amayamba kuyang'ana ofika asanachotse thumba, munthu yemweyo abwezedwa. Mu mabuku mupeza mayina awiri, early arrival ndi late arrival, ndipo ambiri amene amapeza mayankho osiyana ndi anzawo mkalasi vuto limakhala pomwepa, osati pa masamu.

Ife titenga kuti kutuluka kumayamba, kenako kufika, ndipo tikuwerenga mzere kumapeto kwa siloti. Buffer yathu, malo amene mapaketi amadikirira kutuluka, imasunga mapaketi osapitirira K, kuphatikizapo imene ikudikira kutuluka pompano. Lembani zimenezi pamwamba pa pepala lanu kuti musadzaiwale pakati panjira.

Chachinayi, lamulo la mzere

Lamulo lonse ndi ili basi. Ngati Q ndi mapaketi amene analipo kumapeto kwa siloti yapitayi ndipo A ndi amene afika tsopano:

otsala = max(Q − 1, 0)
Q yatsopano = min(otsala + A, K)
otayika = otsala + A − Q yatsopano

Kunena mwachidule, chotsani imodzi ngati ilipo, onjezerani ofika, opitirira pa K atayeni. Onani kuti mawa la mzerewu likudalira lero lokha ndi zofika, za dzana zilibe ntchito, ndipo chinthu chotere nchimene amachitcha Markov chain, potengera Andrey Markov wa ku Russia amene anayamba kulemba za izi mu 1906. Mukaona mu mabuku zilembo ngati Geo/D/1/K musaope, ndi kalembedwe kachidule kochokera kwa David Kendall mu 1953, kakungonena mmene zinthu zimafikira, mmene zimatulukira, otumikira alipo angati ndi malo alipo angati.

Chachisanu, tiwerengetse pamanja ndi buffer ya malo 2

Tiyambe ndi yaing'ono kuti muone chilichonse ndi maso. K = 2, ndiye Q ikhoza kukhala 0, 1 kapena 2. Ngati Q ndi 0 kapena 1, ikatuluka imodzi sipatsala kanthu, choncho Q yatsopano ikhala 0 ndi mwayi wa 0.4096, ikhala 1 ndi mwayi wa 0.4096, ikhala 2 ngati afika awiri kapena kuposa, womwe ndi 0.1536 + 0.0256 + 0.0016 = 0.1808. Ngati Q ndi 2 patsala imodzi, ndiye ikhala 1 pokhapokha osafika kanthu, 0.4096, apo ayi ikhalabe 2, mwayi wake 0.5904.

Tsopano tikufuna kudziwa kuti netiweki ikayenda nthawi yaitali, ndi gawo lanji la masiloti limene mzere umakhala pa 0, pa 1 ndi pa 2. Tiwatche p0, p1, p2. Mfundo yake ndi yoti zikakhazikika, kukwera kupita pa 2 kumafanana ndi kutsika kuchoka pa 2. Kukwera ndi (1 − p2) kuchulukitsa ndi 0.1808, kutsika ndi p2 kuchulukitsa ndi 0.4096. Mukafananitsa mupeza p2 = 0.1808 kugawa ndi 0.5904 = 0.3062. Kenako p0 = (1 − 0.3062) kuchulukitsa ndi 0.4096 = 0.2842, ndipo p1 ndi chotsalacho, 0.4096.

Njira yachidule yopezera kutayika nayi, ine ndimaikonda kwambiri chifukwa siivuta. Layini imatulutsa paketi siloti iliyonse imene mzere suli pa 0, ndiye zotuluka pa siloti ndi 1 − p0 = 0.7158. Zofika zinali 0.8. Kusiyana kwake, 0.0842, sikunapite kwina kulikonse koma kutayika. Gawani 0.0842 ndi 0.8 mupeza 0.105, ndekuti mapaketi 10.5 pa 100 aliwonse akutayika pa layini imene munthu wa avereji uja amati ili ndi malo. Nthawi ina layini ikungokhala osachita kanthu, nthawi ina afika atatu pakamodzi malo palibe, ndipo siloti imene yadutsa yopanda ntchito simungaisunge kuti mudzaigwiritse mawa.

Ndibwino kutsimikiza ndi njira ina. Pakatsala 0, otayika pa avereji ndi 0.0256 kuchulukitsa 1 kuphatikiza 0.0016 kuchulukitsa 2, zikupereka 0.0288. Pakatsala imodzi ndi 0.1536 + 0.0512 + 0.0048 = 0.2096. Nde 0.6938 × 0.0288 kuphatikiza 0.3062 × 0.2096 zikubwera 0.0842 yomwe ija. Zikafanana choncho mtima umakhala pansi.

Chachisanu nchimodzi, kulitsani buffer

Pa K yaikulu simufunika matrix kapena pulogalamu yapadera. Gwiritsani mfundo yomwe ija yoti kukwera kudutsa malire kumafanana ndi kutsika, ndipo kutsika kumachitika njira imodzi yokha, sitepe imodzi, pomwe sikunafike kanthu. Konzani kaye manambala a mwayi woti ofika apitirira chiwerengero china: T0 = 0.5904 ndi kupitirira 0, T1 = 0.1808 kupitirira 1, T2 = 0.0272 kupitirira 2, T3 = 0.0016 kupitirira 3, kuchoka apo ndi 0. Yambani ndi p0 = 1 mongoyerekeza, tidzakonza kumapeto.

p1 = p0 × T0 ÷ a0 = 1.4414
p2 = (p0 + p1) × T1 ÷ a0 = 1.0777
p3 = ((p0 + p1) × T2 + p2 × T1) ÷ a0 = 0.6378
p4 = ((p0 + p1) × T3 + p2 × T2 + p3 × T1) ÷ a0 = 0.3626
p5 = (p2 × T3 + p3 × T2 + p4 × T1) ÷ a0 = 0.2066

Kuchoka pa p5 kalembedwe sikasinthanso, mumangotenga atatu omaliza. Mukafika pa K imene mukufuna phatikizani onse kuyambira p0, kenako p0 yeniyeni ndi 1 kugawa ndi chiphatikizocho. Pa K = 5 chiphatikizo ndi 4.7261, p0 ndi 0.2116, zotuluka 0.7884, kutayika pafupifupi 1.45 peresenti. Mukachita onse muona kuti K = 1 ikutaya 26.2 peresenti, K = 2 ikutaya 10.5, K = 3 ikutaya 5.1, K = 5 ikutaya 1.45 ndipo K = 10 ikutaya pafupifupi 0.08 peresenti, ngati mapaketi 8 pa 10000. Malo amodzi aliwonse owonjezera akuchepetsa kutayika pafupifupi ndi theka, zinthu zosangalatsa kuziona zikutuluka pa pepala lako lomwe.

Chachisanu nchiwiri, avereji yomweyo koma zofika mwa chigulu

Apa nde pamene ndikufuna mukhalepo kanthawi. Pa chigayo paja, anthu obwera mmodzimmodzi ndi thumba pamutu ndi osiyana ndi ngolo imene ikufika kamodzikamodzi koma itasenza matumba 4, ngakhale matumba a tsiku lonse atafanana. Tisinthe chitsanzo chathu: mawaya 4 aja tsopano akuonerana, akatumiza amatumiza onse pamodzi. Mwayi wa 0.8 sikufika kanthu, mwayi wa 0.2 afika anayi. Avereji ikadali 0.8, girafu ya pa rauta ionetsabe 80 peresenti ngati kale, palibe angaone kusiyana.

Bwerezani masitepe omwe aja ndi a0 = 0.8 ndipo T0, T1, T2, T3 onse ndi 0.2. Mupeza p1 = 0.25, p2 = 0.3125, p3 = 0.3906, p4 = 0.4883, p5 = 0.2979. Pa K = 5 chiphatikizo ndi 2.7393, p0 ndi 0.3651, zotuluka 0.6349, kutayika 20.6 peresenti, pomwe poyamba paja inali 1.45. Pa K = 10 kutayika ndi 7.2 peresenti pomwe poyamba inali 0.08, kuwirikiza koposa ka 80. Layini yomweyo, buffer yomweyo, avereji yomweyo.

Ichi nchifukwa chake zimandipweteka ndikaona munthu akugula layini kapena rauta pongoyang'ana girafu ya avereji ya mphindi 5. Mu mphindi 5 muli masiloti 250000 a 1.2 ms, zigulu zonse zimene zikutaya mapaketi zabisala mkatimo. Ndipo data yeniyeni imabwera mwa chigulu ndithu, vidiyo imakoka chidutswa chachikulu nkupuma, nkukokanso, makompyuta onse a mu ofesi amayamba ma update nthawi imodzi mmawa. Palinso chigulu cha mtundu wina chimene tebulo la a0, a1 lija silichiona, pomwe siloti yodzaza imatsatidwa ndi inzake yodzaza kambirimbiri. Mukaona zimenezo mu data yanu, gawani nthawi pawiri, yotanganidwa ndi yopuma, iliyonse ndi tebulo lake ndi mwayi wake wosinthira ku inzake, ndipo njira yosavuta yoyankhira ndi ya Excel imene ili mmusimu.

Za kuchedwa nazonso zimawerengeka. Ngati buffer ndi yaikulu kwambiri moti siidzaza, avereji ya mzere ndi 0.8 kuphatikiza avereji ya A × (A − 1) yogawidwa ndi 2 × (1 − 0.8). Pa chitsanzo choyamba avereji ya A × (A − 1) ndi 0.48, mzere ukhala 2.0, pa cha chigulu ndi 2.4, mzere ukhala 6.8. Lamulo limene John Little anatsimikiza mu 1961 likuti nthawi yodikira ndi mzere kugawa ndi zofika, ndiye masiloti 2.5 pa choyamba ndi 8.5 pa chachiwiri. Musathamangire kuika buffer ya mapaketi 1000 kuti vuto lithe, pa layini ya 10 Mbit/s ija buffer yotere ikadzaza paketi yomaliza idikira sekondi 1.2, pomwe G.114, chikalata cha bungwe la dziko lonse la za telecom la ITU-T, imalangiza kuti mawu asachedwe kupitirira 150 ms ulendo umodzi kuti kucheza kuziyenda bwino. Pa foni paketi yochedwa choncho nchimodzimodzi yotayika. Onaninso ka 1 − 0.8 kali pansi pa fomyulayo, katundu wa layini akachoka pa 0.8 nkufika 0.95 kamasanduka 0.05 ndipo mzere umatalika mochititsa mantha.

Chachisanu nchitatu, yesani mu Excel

Masamu a pamanja ayesedwe ndi kuyerekeza. Pa row yoyamba lembani mitu: A ofika, B otsala, C pamzere, D otayika. Mu C2 ikani 0. Kenako:

A3: =(RAND()<0.2)+(RAND()<0.2)+(RAND()<0.2)+(RAND()<0.2)
B3: =MAX(C2-1,0)
C3: =MIN(B3+A3,5)
D3: =B3+A3-C3

Kokerani pansi mpaka row 10002 kuti masiloti akwane 10000. Penapake pambali lembani =SUM(D3:D10002)/SUM(A3:A10002). Muona nambala yozungulira 0.0145, dinani F9 kangapo izisinthasintha pang'ono koma osapita kutali. Kuti muyese chigulu sinthani A3 ikhale =4*(RAND()<0.2) nkukokeranso pansi, iyandikira 0.206. Zimagwiranso mu LibreOffice ndi Google Sheets. Ndipo ngati muli ndi CSV ya Wireshark ija, ingomatani manambala enieniwo mu kolamu A mmalo mwa RAND, pamenepo mukuyesa buffer yanu ndi data yanu yeniyeni, zigulu zonse zilimo.

Chenjezo limodzi. Kutayika kukakhala kochepa kwambiri, masiloti 10000 sakwana. Pa K = 10 mapaketi ofika ndi pafupifupi 8000 ndipo otayika ayembekezeka 6 kapena 7 okha, nde ulendo wina mupeza 0 ulendo wina 15, simungakhulupirire nambala yotere. Onetsetsani kuti otayika afika mazana angapo musananene kanthu, ndipo Excel imathera pa row 1048576, kupitirira apo lembani mizere itatu ija mu Python. Apa mpamene masamu a pamanja amaposa kuyerekeza, amakupatsani yankho ngakhale kutayika kuli kamodzi pa miliyoni.

Chachisanu nchinayi, matchanelo odzaza, kumene kulibe mzere nkomwe

Tibwerere ku usiku wa 31 December uja. Foni ya mawu pa GSM siidikira pa mzere, ikapeza matchanelo onse ali ndi anthu imakanidwa pompo. Kusiyana kwina ndi koti munthu akalowa sagwira tchanelo siloti imodzi, amaigwira mpaka atamaliza kulankhula. Mu masamu a masiloti timati mu siloti iliyonse pali mwayi p woti foni yatsopano ifike, ndipo foni iliyonse imene ili mkati ili ndi mwayi q woti ithe, choncho kutalika kwa foni pa avereji ndi 1 kugawa q.

Yesani ndi tchanelo imodzi kuti muone nkhani ya chachitatu ija mmene imalumira. Tengani p = 0.3, q = 0.5. Ngati kufika kumayamba, tchanelo imakhala yogwidwa gawo la p ÷ (p + q) = 0.375, ndipo okanidwa ndi 37.5 peresenti. Ngati kutuluka kumayamba, tchanelo yogwidwa imaoneka yopanda munthu kumapeto kwa siloti pokhapokha foni yatha ndipo sinafike ina, mwayi wake 0.5 × 0.7 = 0.35, ndiye yogwidwa ndi 0.3 ÷ 0.65 = 0.4615, koma wofika amakanidwa pokhapokha foni ya mkatiyo sinathe, 0.4615 × 0.5, zikupereka 23.1 peresenti. Taonani, 37.5 ndi 23.1, chifukwa cha chiganizo chimodzi chokha. Tsopano dulani siloti ka 10, p = 0.03 ndi q = 0.05, mupeza 37.5 ndi 36.3. Siloti ikamachepa poyerekeza ndi kutalika kwa foni njira ziwirizi zimakumana, ndipo zimakumana pa fomyula ya Erlang ija, yotchedwa Erlang B. Ndiye pa mafoni a mawu, pomwe munthu amalankhula masekondi ambirimbiri koma felemu ndi 4.615 ms, gwiritsani Erlang B mosaopa, masiloti asungireni mapaketi.

Mawerengedwe ake ndi awa. Pezani katundu mu ma erlang, muyeso umene unapatsidwa dzina lake mu 1946: mafoni a mu ola lotanganidwa kwambiri kuchulukitsa ndi kutalika kwake mmasekondi, kugawa ndi 3600. Mafoni 120 a masekondi 90 akupereka ma erlang 3. B ndi gawo la mafoni okanidwa. Yambani ndi B = 1, kenako pa tchanelo iliyonse n chitani B yatsopano = 3 × B ÷ (n + 3 × B). Mupeza 0.75, 0.5294, 0.3462, 0.2061, 0.1101, 0.0522 ndipo pa tchanelo ya 7 ndi 0.0219. Ndatenga 7 dala chifukwa selo ya GSM ya TRX imodzi, kutanthauza chipangizo chimodzi chotumiza ndi kulandira mafunde pa tawa, ili ndi masiloti 8 ndipo imodzi nthawi zambiri imapita ku signalling, mauthenga oyendetsera mafoniwo. Okonza netiweki ambiri amagwiritsa 2 peresenti ngati muyeso, ndiye selo yotere ili pamalire penipeni ndi ma erlang 3. Mu Excel ndi kamzere kamodzi, =POISSON.DIST(7,3,FALSE)/POISSON.DIST(7,3,TRUE).

Tsopano anthu awirikize kuyimba, ma erlang 6 pa matchanelo 7 omwewo. Okanidwa sawirikiza kawiri ayi, amachoka pa 2.2 kufika pa 18.5 peresenti. Pitirizani masitepe aja muone kuti matchanelo 11 akubwezerani pa 2.3 peresenti ndipo 12 akutsitsani pa 1.1, simufunika 14, gulu lalikulu la matchanelo limagwira ntchito bwino kuposa timagulu ting'onoting'ono tolekana. E1 ya matchanelo 30 imanyamula pafupifupi ma erlang 21.9 pa 2 peresenti yomweyo.

Samalani ndi nambala imene mukuika mu fomyula. Makaunta a pa makina amaonetsa katundu amene walowa, osati amene anafuna kulowa. Pa ma erlang 6 aja olowa ndi 6 × 0.815, pafupifupi 4.89, ndipo mukatenga 4.89 nkuika mu fomyula ikuuzani kuti okanidwa ndi cha m'ma 11 peresenti pomwe zoona zake ndi 18.5. Choncho muzisintha katundu wa ofuna kulowa, timutche A, mpaka A × (1 − B) ifanane ndi zimene kaunta ikuonetsa, Goal Seek ya mu Excel imachita zimenezi mwachangu. Komanso Erlang B imatenga kuti wokanidwa wapita osabweranso, pomwe ife tonse tikudziwa kuti munthu akakanidwa amadina pompo kachiwiri, kachitatu, mpaka ilowe. Kuti muikemo zimenezi, ganizani gawo la okanidwa limene limayesanso, tinene 0.7, muwonjezere 0.7 × B × A pa katundu woyamba uja, muwerengetsenso B, muwonjezerenso kuchokera pa katundu woyambayo, mpaka nambala isiye kusintha, nthawi zambiri maulendo ochepa chabe amakwana. Pa ma erlang 6 ulendo woyamba wokha ukukweza katundu kufika pafupifupi 6.8.